Nkhokwe ya nyimbo ya ILAM ku Rhodes ndi phindu lake kwa ofufuza a digiri yapamwamba

Aliyense amene akufuna digiri ya masitazi kapena ya udokotala pofufuza nyimbo za mu Africa amakumana ndi dzina la International Library of African Music, imene ambiri amangoti ILAM. Hugh Tracey, katswiri wojambula ndi kufufuza nyimbo za mu Africa, ndiye anaikhazikitsa mu 1954 ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg, ndipo mu 1978 inasamukira ku yunivesite ya Rhodes, mumzinda wa Grahamstown umene lero ukutchedwa Makhanda, pomwe inali m'manja mwa mwana wake, Andrew Tracey.

Chuma chenicheni cha malowa ndi nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'maiko a kummwera, pakati ndi kuvuma kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, kumene anafika mu 1950, 1957 ndi 1958. Mmalawi akavala zomvera kumakutu amamva bangwe, kalimba, malipenga ndi nyimbo za pamtondo zoimbidwa ndi anthu a msinkhu wa agogo ake, mawu ake omveka bwino mpaka kugunda kwa musi. Nyimbozi a ILAM anazisamutsira pa kompyuta, ndipo zili ndi makhadi olembapo dzina la woimba, dera, chilankhulo ndi chida choimbira. Zida zenizenizo ziliponso, choncho wofufuza za kachunidwe ka zida monga mbira ya ku Zimbabwe kapena timbila ya ku Mozambique sangodalira zithunzi za m'mabuku. Magazini ya African Music, imene inayamba kutuluka mu 1954, imasindikizidwa pomwepo.

Komabe makhadi aja si owakhulupirira ndi mtima wonse. Analembedwa m'nthawi ya atsamunda, kudzera mwa omasulira, ndipo kawirikawiri oimba ankachita kuitanidwa ndi mafumu kapena akuluakulu a boma kuti adzaimbe pamaso pa mlendo wonyamula makina. Gule amene pamudzi amachezera usiku wonse amapezeka atadulidwa n'kutsala mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo nyimbo yokhala ndi mawu okuluwika, monga ya mayi wodzudzula mwamuna wake ali pamtondo, imafotokozedwa m'ziganizo zochepa zimene sizingasenze tanthauzo lonse. Apa mpamene ndikuona kuti wodziwa Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao ali ndi mwayi woposa anzake, chifukwa ntchito yomvetseranso nyimbozi, kukonza kalembedwe ka mayina ndi kukafunsa adzukulu a oimbawo kumudzi ndi yokwanira kubala digiri. A ILAM eni ake akhala akubweza nyimbo zina kumadera kumene zinajambulidwa, kotero kafukufuku wotere sangakhale wachilendo kwa iwo.

Wofufuza nyimbo zamakono za m'matauni adzapeza zochepa poyerekeza ndi wofufuza zamakedzana. Wopita kukakhalako akonzekere viza ya maphunziro, imene imafuna inshuwaransi ya zaumoyo yovomerezeka ku South Africa, komanso adziwiretu kuti madzi a m'mipope ku Makhanda akhala akuvuta kwa zaka zambiri.