Pyro kapena FP200: zonse ndazigwirapo, bwerani tiyerekeze

Akuluakulu anzanga a zamagetsi, makamaka inu amene mwangofika kuno ku UK ndipo mukufuna kulowa m'ntchito za fire alarm ndi emergency lighting, pali funso limodzi lomwe limangobwerabwera, loti pa nthambo ziwiri zopirira moto zija, kodi Pyro ija tiiphunzire kapena inatha kalekale tizingokoka FP200 basi. Ine kumudzi ndinaphunzira za konduwiti, twin and earth ndi SWA ngati wina aliyense, Pyro ndinangoiona pa chithunzi m'buku, kudzaigwira ndi manja nkuno, ndipo tsiku loyamba inandichititsa manyazi pamaso pa mdala wina amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ndiye ndiloleni ndiziike pambalipambali ziwirizi, mwina wina apulumukirepo.

Poyamba kwa amene simunaionepo. Pyro dzina lake lenileni ndi MICC kapena kuti mineral insulated copper-clad cable, koma pa saiti aliyense amangoti Pyro chifukwa cha kampani ya Pyrotenax imene inayamba kuipanga ku Britain mu 1937, ngakhale nzeru yake ndi yakale kuposa pamenepo, munthu wina wa ku Switzerland dzina lake François Borel anailembetsa mu 1896. Ndi kapaipi ka kopa, mkati mwake muli mawaya a kopa osavala kanthu, ndipo chomwe chimawalekanitsa ndi ufa woyera wotchedwa magnesium oxide wotsenderedwa zolimba. Mulibe pulasitiki, mulibe labala, palibe choti chipse. Kopa amasungunuka kutentha kukapitirira madigiri 1,080, ufawo mpaka cha m'ma 2,800, ndiye moto wa m'nyumba ukabuka nthamboyi imangopitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Ilipo ya light duty ya 500V ndi heavy duty ya 750V, mukaona palembedwa 2L1.5 ndiye kuti mawaya awiri, light duty, 1.5mm², basi. Ina imabwera ndi chovala kunja, chofiira nthawi zambiri cha alamu ya moto, choyera cha magetsi adzidzidzi, cha orenji cha ntchito zina wamba, ina imabwera yamaliseche kopa yekhayekha.

FP200 ndi ya Prysmian, kale inali Pirelli, ndipo makampani ena ali ndi zawo zofanana nayo zomwe onse timangoti soft skin. Iyi mawaya ake ndi ovala, bulauni ndi buluu monga mwa nthawi zonse, pali waya wa earth wosavala, kenako kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kokulunga zonse komatidwa ku chikopa chakunja. Yopepuka, yofewa, umainyamula dilamu yonse wekha.

Tsono nkhani yonse yagona kumapeto kwa nthambo, pomwe umaimanga mu bokosi. Kukoka ndi kukhoma sikuti kumasiyana kwambiri, zonse ziwiri sizifuna kupindidwa mothina kuposa kasanu ndi kamodzi ka kunenepa kwake, zonse zimafuna ma clip a chitsulo, ndipo izi si za Pyro kapena FP zokha ayi, kuchokera pa 18th Edition ya 2018 ya BS 7671, buku la malamulo a wayaring'i kuno ku UK, nthambo iliyonse iyenera kugwiridwa moti isagwe msanga moto ukabuka, nkhani imene inakula pambuyo pa ngozi ngati ya ku Shirley Towers ku Southampton mu 2010 komwe ozimitsa moto awiri anafa. Koma kumapetoko, eee, ndi dziko lina.

FP umangoilemba pang'ono ndi mpeni kuzungulira, osazamitsa, kuipinda uku ndi uku, chikopa chimathyoka chokha nkuchisolola. Kuveka sleeving ya girini ndi yelo pa earth, gland (chomangira nthambo pa bokosi), kumanga, wapita. Mwana wa chaka choyamba mutamuonetsa kawiri akhoza kumanga ma detector kolido yonse nkhomaliro isanakwane.

Pyro iyayi. Choyamba ulowetse shroud (kachipewa kovindikira gland), kenako nati ya gland, kenako ka olive (kamphete kofinya kopa), kenako thupi la gland, zonsezi usanasende ndipo usanaike poti (kachikho kotsekera kumapeto kwa nthambo), ndipo ndikulumbira palibe munthu wa Pyro amene sanaiwalepo shroud nkuzindikira atamaliza kale zonse bwinobwino, umangoiyang'ana ili pansi apo ikukuseka. Ndiye kusenda. Apanso pali magulu awiri okangana. Madala ambiri amakonda sayidi kata, amang'amba kopa pang'ono kumapeto nkumamukulunga ngati mmene timatsegulira chitini cha nyama chija cha kiyi, atalemberatu mzere ndi ringing tool pomwe akufuna kuti zithere. Ena amakonda rotary stripper, ena amati Joistripper, umaitchera saizi ya nthambo nkumapukusa, ikafika pomwe ukufuna umagwira ndi pulayala kutsogolo kwake ndiye imadula yokha mwaukhondo. Ine ndili ku rotary, sindinama, chifukwa mkombero wake umatuluka wowongoka ndipo poti imalowa mosavuta, koma mpeni wake ukabuntha kapena ukautchera molakwa umakanda mawaya amkati ndipo umadzaziwona pamene waya wathyokera mu poti. Sayidi kata ubwino wake ndi woti imagwira saizi iliyonse ndipo imalowa pamalo pothina pomwe rotary singazungulire, monga kuseri kwa panelo yakale pomwe mwatsala ndi kachidutswa kakafupi. Muzidziwa zonse ziwiri.

Ukasenda umagogoda kuti ufa wotsala ugwe, osapemerera ndi pakamwa chonde, mpweya wathu uli ndi chinyezi, ndiye umapukuta mawaya ndi kansanza kouma. Poti ndi kachikho ka brass kokhala ndi mazinga odzidulira okha, umakazungulitsa pa kopa ndi pot wrench mpaka mkombero wa kopa ufanane ndi phewa lamkati mwa potiyo, ikalowa mopendama basi yambiranso. Uyang'anemo bwino ndi tochi ngati mulibe katsitsi ka kopa kotsalira, kamodzi kokha kangati ulusi ndi shoti kale. Kenako compound, phala lomata lija, umalikankhira kuchokera mbali imodzi yokha mpaka litulukire mbali inayo lidzaze ndi kamulu pamwamba, ukaika mbali zonse umatsekera mpweya pakati. Chala chikhale choyera, ena amakankha ndi kapepala kamene compound yabweramo. Disc, sleeving, crimping tool kufinya pang'onopang'ono compound ikutuluka m'mbali, wamaliza mbali imodzi. Imodzi yokha. Ndipo mawaya onse ndi ofanana, kopa yekhayekha opanda mtundu, ndiye ukamaliza mbali zonse uyenera kuwapima continuity kuti udziwe uyu ndi uti nkuika chizindikiro. Ngati bokosi lake ndi lapulasitiki kapena simukukhulupirira kugwirana kwa gland, pali poti ya earth tail yobwera ndi waya wake wa earth, chifukwa pa Pyro kapaipi kakunjako ndiye earth yake.

Pa nthawi ndiye palibe mpikisano, FP yawina ndi kutali, ndipo bwana wolipira pa ola amadziwa zimenezo, nchifukwa chake ntchito zatsopano zambiri za masiku ano ndi soft skin. Pa mtengo chimodzimodzi, Pyro ndi kopa wambiri, kuphatikiza ma poti, ma gland ndi zida zake.

Koma tiyeni tifike pa mega, mita ija yopimira insulation resistance, pomwe ine ndinasinthira maganizo. Ufa uja umamwa chinyezi ngati mchere wa m'nyengo yadzinja. Mukasiya kumapeto kosatseka usiku umodzi m'nyumba yonyowa, mawa insulation resistance yagwa. Ndiye Pyro umaipima kangapo, isanakhomedwe, ukamaliza poti yoyamba, ukamaliza yachiwiri, pa 500V DC, waya ndi waya komanso waya uliwonse ndi kopa wakunja, kenako umadzabwerezanso patapita maola 24 chifukwa chinyezi chotsekeredwa mkati nthawi zina chimadzaonekera mochedwa. BS 7671 imati 1 megohm ndiye pothera penipeni, pa mawaya a alamu ya moto muyezo wake wa BS 5839-1 umafuna 2 megohm, koma musanyengedwe ndi manambala amenewo, poti yomangidwa bwino pa nthambo yatsopano imawerenga ma megohm mazanamazana kapena mita kufika kumapeto kwake. Mukapeza 5 kapena 10 pa Pyro yatsopano musati yakhoza, pali vuto, ndipo likukula.

Tsiku langa lamanyazi lija zinali choncho. Ndinamanga ma poti anayi ndikudzimva kuti ndine katswiri, mdala uja kubwera ndi mega, ziwiri zinawerenga bwino, imodzi 3 megohm, inayo ziro weniweni. Ya ziroyo titadula tinapeza katsitsi ka kopa, ya 3 ija inali chinyezi chifukwa nthambo inagona pansi pa simenti yosauma. Anandionetsa kuchotsa chovala chakunja, kutenga blowtorch nkuyamba kuwotcha chapatali pang'ono kumabwera cha kumapeto kuti chinyezi chithawire kunja, osati kuyambira kumapeto chifukwa ukatero ukuchithamangitsira mkati. Itazizira kupimanso, nambala inakwera ndikuona ndi maso anga. Ngati muli ndi nthambo yotsala, kudula kachidutswa nkuyambira pouma ndi kwachangu kuposa moto, komanso masaiti ambiri safuna lawi popanda hot works permit.

Apa ndi pomwe ndimaikondera Pyro, siibisa. Ukalakwitsa imakuuza lero lomwe kapena mawa. FP ndi yaulemu kwambiri moti imakubisira. Mpeni ukazama pang'ono nkukanda chovala cha waya, kapena mkombero wa aluminiyamu uja ukatsala wakuthwa, mega ikhoza kuwerenga bwinobwino chifukwa pabalapo sipanakhudze chitsulo, mwasainira satifiketi mwapita, patatha miyezi munthu wina akankha detector posintha, waya wasuntha, panelo yayamba kulira earth fault pakati pa usiku ndipo mukuyenda chipinda ndi chipinda kugawa loop pakati kufunafuna. Ndinasakapo fault yotere m'nyumba ina yosungira okalamba masiku awiri athunthu, kukapeza kuti ndi kabala kakang'ono ngati ka lezala mkati mwa call point, kabokosi kofiira kodina poliza alamu. Pajatu popima zonse ziwirizi muchotse kaye ma detector, ma sounder ndi panelo, 500V siigwirizana ndi zamagetsi zanthete zija, izi anthu amaiwala akamathamangira kuweruka.

Pa kupirira moto penipeni musamangoti FP ndi FP. BS 5839-1 imagawa pawiri, standard ndi enhanced. FP200 Gold ndi ya standard, ya mphindi 30 pa mayeso a BS EN 50200, pomwe enhanced imafunika kupirira mphindi 120 ndipo imafunidwa m'malo ngati nyumba zitalizitali zopanda ma sprinkler kapena zipatala momwe anthu satulutsidwa onse nthawi imodzi. Pamenepo ndi FP Plus kapena zinzake, kapena Pyro. Ndiye werengani spec musanagule, osangotola dilamu yofiira iliyonse mu vani.

Pyro nayo ili ndi matenda ake ena oti ndisabise. Ukaipindapinda malo amodzi kopa amauma nkuyamba kung'aluka, ndipo pafupi ndi mota yonjenjemera umayenera kusiya kalupu kuti kazimwa kunjenjemerako. Siikonda ma surge ochokera ku ma contactor ndi ma coil, amatha kuboola ufa uja, nchifukwa chake pamalo otero amaika suppressor. Yamaliseche ikakhudzana ndi pulasitala wonyowa kapena zitsulo zina pachinyontho imadyeka, pamenepo tengani yovala. Koma pa kumenyedwa ndi ina nkhani, mdala uja anatenga kachidutswa nkukaphwanya ndi hamala mpaka kuphwatalala, kupima, kadali bwino, chifukwa ufa ndi mawaya zimaphwatalala limodzi osakhudzana. Yesani zimenezo pa FP muone. Makoswe nawo pa Pyro amangonola mano pachabe.

Ndiye ine ndimasankha chonchi. Maofesi, masukulu, mashopu, pamwamba pa siling'i, mu tray, ntchito ya ma point mazana, FP kapena soft skin ina yoyenera giredi yake, ndipo sindimva kulakwa ngakhale pang'ono, kungoti mpeni ndimaugwira ngati ndikusenda mango akupsa. Boiler room, malo otentha, pomwe nthambo ili poyera anthu nkumaigunda ndi matrolley, matchalitchi akale amiyala komwe kopa wamaliseche amada pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi khoma ndipo oyang'anira nyumba zakale safuna kuona chingwe chofiira, kumeneko Pyro. Komanso nyumba zambiri zakale kuno zadzaza ndi Pyro ya zaka makumimakumi imene ikugwirabe ntchito, tsiku lina adzakutumani kukasuntha call point imodzi yokha ndipo mukadzati sindidziwa kumanga poti adzaitana wina.

Kwa amene mukuganiza zodzabwerera nazo kumudzi, zida zake ndi ma poti muzidzanyamuliratu, ndipo muganizirenso za kopa woonekera poyera pakhoma lakunja, mukudziwa nokha mmene amasowera usiku. Amene muli kuno pemphani zidutswa zotsala pa saiti, gulani kapaketi ka ma poti a 20mm, Loweruka lina khalani pa tebulo mumange khumi motsatizana nkumapima iliyonse. Yanga yoyamba kuwerenga bwino kawiri motsatizana inali yachisanu ndi chiwiri, ndipo shroud ndinaiwalabe.