Facebook, WhatsApp kapena TikTok: kasitomala wogula ali pati?

Masiku ano aliyense akugulitsa kenakake pa foni, kaunjika, mawigi, nkhuku, mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, ndiye anthu a geni amafunsana kuti kabandulo kochepaka ndikathere pati. Ine ndimati zitatuzi sizigwira ntchito imodzi ayi, ndipo ambiri akudandaula kuti malonda sakuyenda chifukwa akufuna WhatsApp iwabweretsere anthu achilendo, kapena akudikira ma views a TikTok asanduke ndalama.

Facebook ndi komwe munthu amene sakukudziwani angakupezeni. Magulupu ogula ndi kugulitsa a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu alipo ambirimbiri, mwaponya chithunzi cha filiji m'mawa pofika masana manambala achilendo akuimba, komanso post ikakhala kuti munailemba bwino munthu atha kuipeza posaka ngakhale patapita sabata. Koma chonde anzanga, khalidwe lija loti munthu wafunsa "bwanji?" inu nkuyankha "inbox" likukuthawitsirani makasitomala, ambiri amangoganiza kuti mtengo ukusintha potengera nkhope ndiye amangodutsa. Lembani mtengo, size, komwe muli, ndi ngati mumatumiza pa basi kapena pa kabaza, basi. Vuto la Facebook ndi lakuti page yanu siwonekera kwa onse amene anaipanga like, Meta, kampani ya eni Facebook, imafuna mulipire boost kuti post ifike kwa anthu ambiri, ndipo apa ndi pomwe pamawawa chifukwa pamafunika khadi ya ku banki yolipira kunja, pomwe ndalama zakunja zikusowa mdziko muno komanso kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023. Dola imodzi pa tsiku imamveka ngati kanthu kochepa mpaka muisinthe kukhala makwacha pakutha pa mwezi.

WhatsApp ndiye ndi nkhani ina, apa ndi pomwe ndalama imalowa mthumba. Status imakhala maola 24 ndipo amaiona okhawo amene inu munasunga nambala yawo iwonso anasunga yanu, kutanthauza kuti ndi anthu oti amakudziwani kale, achibale, a kutchalitchi, a ku banki m'khonde, makasitomala akale. Anthu amenewa sachedwa kugula chifukwa akudziwa kokupezani zikavuta. Broadcast, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imalola anthu 256 koma nayonso uthenga umafika kwa yekhayo amene anasunga nambala yanu, ambiri sadziwa zimenezi amangodabwa kuti bwanji palibe akuyankha. Gulupu imafika anthu 1024, koma mukangoisiya yotsegula mawa lake mupeza mwadzaza mavesi, ma sticker ndi wina akugulitsanso nsapato zake momwemo, ndiye itsekeni azilemba admin yekha. Ndipo ngati mukugwiritsabe WhatsApp wamba sinthani mutenge WhatsApp Business, inatuluka 2018 ndipo ndi yaulere, muli catalog yoika katundu ndi mitengo, ma label oti uyu walipira uyu ali ndi ngongole, ndi mayankho okonzeratu kuti musamalembe nambala ya Airtel Money kapena Mpamba kakhumi pa tsiku. Voice note nayo imathandiza kwambiri kwa makasitomala oti kulemba kumawatopetsa. Chenjezo limodzi, screenshot yoti munthu walipira si ndalama, onani balance yanu kaye musanapereke katundu kwa wa kabaza. Kufooka kwake nkoti WhatsApp siikubweretserani munthu watsopano, anthu omwe aja akatopa ndi ma status makumi atatu a madilesi amangokupangani mute mwakachetechete inu osadziwa.

TikTok imasangalatsa chifukwa sifunsa kuti muli ndi ma follower angati, For You page itha kutenga kavidiyo ka munthu woyamba kumene nkukafikitsa kwa anthu zikwizikwi. Koma tayang'anani ma comment, wina ali ku Nairobi wina ku Lagos wina ndi mwana wa sukulu wangokonda nyimbo munaikayo, pomwe inu mukugulitsa mazira ku Area 25. Imadyanso data koopsa, kwa inu woponya ndi kwa woonera yemwe. Komwe ndaona ikugwira ntchito ndi malonda ooneka ndi maso, wa saluni kuonetsa tsitsi lisanalukidwe ndi litalukidwa, telala kuonetsa chitenje chikusanduka diresi, wa makeke akukongoletsa, wa kaunjika akutsegula belo pa live anthu nkumalimbirana jekete. Abale athu ali ku Joni ndi ku UK nawo amaonera kwambiri ndipo ena amaoda zinthu kuti mukapereke kwa mayi awo kuno. Koma pamafunika munthu wopanda manyazi, wolankhula, ndipo nambala ya WhatsApp ikhale pa vidiyo pomwepo, apo ayi mwangosangalatsa anthu ulere.

Google ambiri amaiiwala. Wa kaunjika alibe nayo ntchito kwenikweni, koma ngati muli ndi loji ku Mangochi, galaja, kapena malo odyera, lembetsani Google Business Profile, ndi yaulere, munthu akasaka pa Maps akupezeni ndi nambala ndi nthawi yotsegulira. Google Trends imaonetsa zomwe anthu akusaka pa sikelo ya 0 mpaka 100, si chiwerengero cha anthu ayi, ndipo mukalemba mawu a kageni kakang'ono nkusankha Malawi nthawi zambiri imangoti data ndi yosakwanira. Kalendala imakuuzani zambiri kuposa pamenepo, yunifolomu ndi zikwama sukulu zikamatsegulira mu September, zitenje kuyandikira Mother's Day pa 15 October, zovala za ana mu December.

Ndiye kwa amene bandulo yake ndi yowerengera, ine ndingati Facebook Lite yokokera anthu atsopano mmagulupu, aliyense wafunsa mtengo mumupemphe asunge nambala yanu kuti azikaona status, malonda nkumathera pa WhatsApp Business. TikTok muionjezere pokhapokha ngati katundu wanu amaoneka bwino pa vidiyo ndipo muli ndi pena potapa WiFi, boost ya Facebook idikire kaye mpaka mudziwe post imene ikubweretsa mafoni payokha osalipira.