Kosi ya IPTE ku TTC ndikuipatsa nyenyezi zitatu basi

Anthu mwandivutitsa mokwanira ku inibokosi ndi funso loti kodi ku TTC, kukoleji yophunzitsa aphunzitsi, nkwabwino, ndiye ndingoyankha pano kamodzinkamodzi. Ine ndinachita IPTE, kosi ya uphunzitsi wa ku pulayimale, pa koleji ina ya boma, dzina lisiyeni, nthawi imene anali atasintha kale kachitidwe kake kukhala matemu awiri pa koleji, awiri ku TP (kukayeserera kuphunzitsa pasukulu), kenako awiri kubwereranso ku koleji. Akale aja ankakhala chaka chathunthu pa koleji chaka chinacho kusukulu, koma ine ndimaona kuti yathuyi ndi yabwinoko chifukwa umabwerera kwa malekichara uli ndi mafunso enieni, utalawa kale choko, osati zongoloweza mu modyulo.

Pa nkhani ya TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndiye ulemu wawo. Mpaka lero sinditaya katoni kapena zitsekerero za mabotolo, matchati anga oyamba ndinalemba pa thumba la ufa ndipo ana anaphunzira kuwerengera ndi nthangala za bwemba. Lekichara wina ankatibweza lesoni pulani katatu chifukwa chongosokoneza masakisesi kiraiteriya (zimene ana ayenera kukwanitsa pakutha pa phunziro), tinkamuda koopsa koma sikimu ndi rekodi (ndondomeko ya zophunzitsa ndi kaundula wa zomwe waphunzitsa) panopa ndimalemba ndikuwodzera. Chakudya musafunse, nyemba zake zija zinali ndi alendo mkati.

Pomwe kosiyi inandisiya pamtetete ndi ku TP. Ananditumiza kusukulu ina chakunyanja ku Mangochi, sitandade 1, ana oposa 130 pansi pa mtengo wa mango, bolodi titatsamiritsa pa thunthu. Ine Mchewa wa ku Dowa, ana onse Chiyao chokhachokha, buku lili m'Chichewa. Tsiku lachiwiri kamnyamata kena kanalira kakungoti mesi mesi, ine nkumaganiza kuti kakuitana mnzake dzina lake Mesi, kumangofunsa kuti Mesi ali kuti, ana onse kuseka, chonsecho kamwanako kakufuna madzi akumwa. Ku koleji kuja tinkayeserera kuphunzitsa pa anzathu akuluakulu omvera komanso pa demo, pulayimale yoyesererapo ya pakoleji, pomwe ana amamva chilichonse chimene ukunena, palibe anatikhazika pansi nkutiuza kuti ukapeza kalasi yolankhula Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka uyambire apa. Anandipulumutsa ndi amenta anga (mphunzitsi wondiyang'anira pa TP), mayi amene analowa uphunzitsi mu 1994 pulayimale itangokhala yaulere, nthawi ija boma linalemba anthu ambirimbiri osaphunzitsidwa ntchito nkudzawapititsa pambuyo pake ku MIITEP, kosi yophunzira uphunzitsi ali kale pantchito. Iwowo anandilembera mawu a Chiyao kuseri kwa rejisitala nkundiuza kuti aphunzitsi, mmawa uliwonse muziyamba ndi ajimwiche uli, muona. Zinathekadi, pofika sabata yachitatu ana anayamba kukweza manja.

Ndipo amentawo anali mayi yekha pa sitafu yonse, atsikana a sitandade 7 ndi 8 akakhala ndi vuto lawo lachizimayi onse ankathamangira kwa iwo. Makoleji a atsikana okhaokha ngati St Joseph's ku Bembeke alipo inde, koma ukafika kumudzi nyumba za aphunzitsi kulibe, ndiye mtsikana wongomaliza kumene akakhala kuti?

Za ana olumala tinangozidutsa mothamanga. Mkalasi mwanga munali kamtsikana kosamva, temu yonse ndinkangokamwetulira nkukapatsa choko kuti kazijambula, zimandiwawabe mpaka pano. Amene amadziwa chinenero cha manja ndi aja anapita ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a ana olumala ku Nguludi, koma iwowo sangapezeke pasukulu iliyonse.

Ukamaliza pali mayeso a MANEB, kenako ukalembetse ku Teachers Council of Malawi kuti upeze laisensi, ndiye musungiretu kandalama ndi mafotokope a satifiketi. Chimene sakuuzani pa oriyenteshoni nchoti satifiketi si ntchito, ine ndinadikira posting nthawi yaitali ndikuphunzitsa pa ka pulaiveti kena kolipira mwezi wina inde wina ayi.

Ndiye amene mukufuna kuapulaya apulayani, bola mutenge neti ya udzudzu, nsapato zolimba zoyendera ku TP, ndipo mukaona kuti rumumeti wanu ndi Myao kapena Mtumbuka musamangocheza naye za mpira, muzimufunsa mawu awiri atatu tsiku lililonse muzilemba.