Kujambula mtima pa matcha latte kunyumba: French press, kachipangizo ka mabatire, kapena nthunzi?

Ambiri ongoyamba kumene kujambula pa matcha latte (chakumwa cha mkaka ndi matcha, ufa wa tiyi wobiriwira wa ku Japan) amathamangira kugula ufa wa matcha wodula, poganiza kuti chithunzi chokongola chimachokera mu tiyi. Ayi ndithu. Chimene chimajambula ndi mkaka, ndipo matcha ntchito yake ndi kupereka mtundu wobiriwira woti choyeracho chionekerepo. Ndiye funso loyamba ndi lakuti thovu la mkaka mulipanga ndi chiyani. Lofunika ndi thovu losalala, lonyezimira pamwamba, lopanda timabowo tooneka ndi maso, ndipo liziyenda limodzi ndi mkaka mukapendeketsa jagi. Likayandama palokha pamwamba, mkaka wamadzimadzi uli pansi, palibe chimene mungajambule.

French press, jagi yagalasi yopangira khofi yokhala ndi sefa yokankhira pansi, ndi imodzi mwa zida zotchipa zimene zimatulutsadi thovu lotere, ndipo sifuna magetsi, choncho ngakhale atazima mumangotenthetsa mkaka pa mbaula kapena pa gasi. Tenthetsani mkaka mpaka madigiri 60. Muyambe mwatsuka press ndi madzi otentha, chifukwa galasi lozizira limalanda kutentha kwa mkaka. Thirani mkaka wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a press. Kwezani sefa pamwamba pa mkaka ndi kuitsitsa mwamphamvu katatu kapena kanayi basi. Apa ndi pamene mpweya umalowa. Kuchokera pamenepo sefa isatulukenso kunja. Ipopeni mofulumira koma motsikira, ili mkati mwa mkaka, kwa masekondi 15 mpaka 20, kuti timawaya take tiphwanye thovu lalikulu likhale losalala. Cholakwika chofala ndi kupopa kuchokera pamwamba mpaka pansi nthawi yonseyo: mkaka umafufuma kwambiri, thovu n'kuuma, ndipo mukathira limangogwa ngati chigumu. Kukula kwa press nakonso n'kofunika. Ya mamililita 350 imagwirizana ndi mkaka wa mamililita 120, pamene ya lita imodzi imafuna mkaka wambiri kuti sefa imire. Ndipo ngati mumaphikiramo khofi, masulani sefa muitsuke ndi sopo, apo ayi matcha yanu idzanunkha khofi wa dzulo.

Kachipangizo ka m'manja ka mabatire, kaja kokhala ndi kawaya kozungulira kunsonga, n'kosavuta kupeza komanso kutsuka, koma kamafuna dzanja lodziwa. Mukakasiya pamwamba pa mkaka kamalowetsa mpweya wambiri nthawi imodzi. Pendeketsani jagi, kayikeni pafupi ndi pamwamba kwa masekondi 3 mpaka 5 okha, kenako kamizeni chakumbali, osati pakati, kuti mkaka uzizungulira kwa masekondi 20 kapena 30. Mabatire akayamba kufooka mkaka suzunguliranso mokwanira ndipo thovu lalikulu limatsala. Pali mtundu wina, NanoFoamer wa kampani ya Subminimal, umene uli ndi kasefa kunsonga m'malo mwa waya; umenewo thovu lake limayandikira kwambiri la nthunzi, koma mtengo wake ndi wokwererapo. Zija zongothira mkaka n'kudina batani, monga Aeroccino ya Nespresso, ndi zabwino pa kapu ya m'mawa koma osati pojambula, chifukwa simungathe kulamulira kuchuluka kwa mpweya ndipo thovu limatuluka lolimba.

Mpope wa nthunzi wa pa makina a espresso (makina opangira khofi wamphamvu) ndiwo umapambana zonsezi, palibe zokangana. Umatenthetsa ndi kusalaza mkaka nthawi imodzi. Apa mumayamba ndi mkaka wozizira wa m'firiji kuti mukhale ndi nthawi yokwanira. Tsegulani nthunzi kaye kuti madzi otsalira mu mpope atuluke, ikani nsonga pansi pang'ono pa mkaka mpaka muzimva kulira kwa tsi-tsi-tsi kwa masekondi ochepa, kenako imizeni pang'ono kuti mkaka uzungulire mpaka jagi itatentha moti dzanja silingapirire, komwe ndi pafupifupi madigiri 60 mpaka 65. Makina ena otchipa amakhala ndi chivindikiro chotchedwa panarello pa mpope, chimene chimadzilowetsera chokha mpweya, ndipo thovu lake limakula mopitirira. Komabe kugula makina a espresso chifukwa cha matcha yokha n'kuwononga ndalama. Ngati alipo kale m'nyumba, gwiritsani ntchito amenewo. Ngati mulibe, French press ikukwanirani, ndipo kachipangizo ka mabatire kabwere pambuyo pake.

Pa njira zonsezi, mkaka usapitirire madigiri 70. Mapuloteni amene amagwira thovu amawonongeka, kutsekemera kwa mkaka kumachepa, ndipo umayamba kununkha ngati wopserera.

Mkaka wake ukhale uti? Wa ng'ombe wosachotsa mafuta, wa pafupifupi 3.5 peresenti, ndiwo wosavuta kuphunzirira, chifukwa mafutawo amapangitsa thovu kukhala lofewa ndi loyenda bwino. Wa m'mapaketi wokhalitsa uja umagwira ntchito bwinobwino. Waufa wosachotsa mafuta nawonso umatheka mukausungunula monga mwa malangizo a pa chitini n'kuusiya ukhazikike. Wochotsedwa mafuta umatulutsa thovu lochuluka koma louma, losachedwa kulekana ndi mkaka. Mwa mikaka ya zomera, wa oat wolembedwa kuti barista ndiwo wodalirika, popeza amauthira mafuta kuti uzichita thovu ngati wa ng'ombe, komanso kukoma kwake kumagwirizana ndi matcha. Wa soya umachita thovu lolimba, pamene wa almond wamba ndi wamadzi kwambiri ndipo thovu lake limatha musanamalize kuthira.

Tsopano matcha yeniyeniyo. Khofi wa espresso amakhala ndi kathovu kake kolemera pamwamba kamene kamanyamula mkaka, koma matcha ilibe, choncho muyenera kuipanga yokhuthala: magalamu 2 mpaka 3 a ufa, yomwe ndi supuni ya tiyi imodzi kapena imodzi ndi theka, mu madzi a mamililita 30 mpaka 40 okha. Madzi akhale a madigiri 75 mpaka 80, chifukwa owira amatulutsa kuwawa ndipo mtundu umathimbirira. Ngati mulibe choyezera, thirani madzi owira mu kapu yozizira n'kudikira mphindi ziwiri. Sefani ufa nthawi zonse. Mukapanda kutero mumakhala timibulu ngati ta m'phala la wophunzira kuphika, ndipo timaoneka ngati madontho akuda pakati pa chithunzi. Shuga kapena uchi thirani mu matcha momwemo, osati mu mkaka.

Potakasa, chasen, kamtakaso ka nsungwi ka ku Japan kamene kamapangidwa kwambiri ku Takayama m'chigawo cha Nara, kamaphwanya timibulu bwino kuposa china chilichonse. Kaviikeni kaye m'madzi ofunda kuti mano ake afewe, ndipo takasani mopita kutsogolo ndi kumbuyo kwa masekondi 15 mpaka 20. Kachipangizo ka mabatire kamathanso, koma pa madzi ochepa chonchi kamamwaza komanso kamachita thovu lambiri. Apa pali msampha: pomwa matcha yopanda mkaka anthu amafuna thovu pamwamba, koma pojambula thovu limenelo ndi lotuwa ndipo limachepetsa kusiyana kwa chobiriwira ndi choyera. Mukamaliza kutakasa yendetsani chasen pang'onopang'ono pamwamba, n'kugogoda kapu patebulo. Dziwaninso kuti matcha sisungunuka, imangoyandama m'madzi, ndiye ikakhalitsa imakhazikika pansi. Zungulitsani kapu musanathire mkaka.

Mawu akuti ceremonial (ya pamwambo) ndi culinary (yophikira) a pa mapaketi a matcha ndi a amalonda, palibe lamulo lowayang'anira. Onani mtundu: ufa wobiriwira mowala umachokera ku masamba anthete otchingiridwa dzuwa kwa milungu ingapo asanathyoledwe, monga amachitira ku Uji, Nishio ndi Yame ku Japan, pamene wotuwira kapena wachikasu ndi wa masamba okhwima kapena wakhalitsa. Wapakatikati ndi wokwanira pa latte. Usungeni m'chitini chotseka bwino, kutali ndi kuwala ndi kutentha. Kupera tiyi wobiriwira wamba, ngakhale wabwino wa ku Thyolo kapena Mulanje, sikungakupatseni matcha, chifukwa kalimidwe ndi kakonzedwe kake n'kosiyana.

Pothira mufunika jagi yachitsulo ya mlomo wosongoka, ya mamililita 350, ndi kapu yotakasuka kukamwa, yozungulira pansi, ya mamililita 180 mpaka 240. Tsanulirani mkaka mu jagi, igogodeni patebulo, muizungulitse mpaka mkaka unyezimire, ndipo musadikire. Pendeketsani kapu, thirani kamtsinje kakang'ono pakati kuchokera pamtunda wa masentimita 5 mpaka 8 kuti mkaka umire pansi pa chobiriwira. Kapu ikadutsa theka, tsitsani mlomo wa jagi mpaka utatsala pang'ono kukhudza matcha ndipo wonjezerani mphamvu yothirira. Choyera chiyamba kutambasuka. Muziwongola kapu pamene ikudzaza, kenako kwezani jagi n'kudutsa pakati pa choyeracho ndi kamtsinje kowonda. Mtima ndi umenewo. Choyera chikapanda kuoneka, jagi inali pamwamba kwambiri kapena thovu linachepa. Kapu yonse ikayera, munatsitsa jagi msanga kapena matcha inali yamadzi.

Amene dzanja likuwavutabe angayambe ndi njira yachidule: dzazani kapu ndi mkaka wathovu, donthezani timadontho ta matcha yokhuthala pamwamba ndi supuni, n'kudutsa pakati pa timadonthoto ndi kamtengo kotokosera m'mano. Timitima timatuluka ngakhale thovu likhale la Aeroccino, kungoti njirayi sikuphunzitsani kuthira. Poyeserera kuthirako musawononge matcha: sungunulani supuni imodzi ya ufa wa koko m'madzi otentha a mamililita 40, ndipo musiye zithunzi zovutirapo za tulip (duwa) ndi rosetta (tsamba) mpaka mtima utayamba kutuluka pakati pa kapu nthawi zonse.