Mafulashi amakono pa kompyuta ya Windows 98: zimene ndaona patatha miyezi 8

Tsiku limene chilembo E: chinatulukira koyamba mu My Computer, ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinali nditabaya fulashi ya 8 GB kumbuyo kwa kompyuta yanga yakale, Pentium III ya 500 MHz yokhala ndi RAM ya 256 MB ndi Windows 98 SE, ndipo inawerenga bwinobwino. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti chinsinsi chonse chagona pa driver, kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi chipangizo chimene mwabaya. Lero papita miyezi 8, fulashi ikulowa ndi kutuluka pafupifupi mlungu uliwonse, ndipo mawu aja ndikuwabweza. Driver inangonditsegulira chitseko. Zimene zandizunguza mutu miyezi yonseyi zinali m'fulashi mwenimwenimo: mmene anaifomatira, kukula kwake, komanso kusasamala kwanga.

Za driver ndinene mwachidule. Windows 98 SE inatuluka mu 1999, mafulashi asanafale. Imadziwa kuti kuli USB, koma ilibe driver imodzi yowerengera fulashi iliyonse ngati mmene zilili mu Windows Me ndi Windows 2000. Kale opanga ankapereka driver yawoyawo, masiku ano palibe amene amavutika nazo. Chimene chimathandiza ndi NUSB, phukusi limene okonda makompyuta akale anasonkhanitsa pogwiritsa ntchito mafayilo a Windows Me. Ine ndinaika 3.3. Imakwana pa floppy imodzi ya 1.44 MB, ndipo ndi mwayi waukulu, chifukwa simungaibweretse pa fulashi imene kompyutayo sikuiona. Mumayamba mwachotsa zonse za USB mu Device Manager (mndandanda wa zipangizo za kompyuta mu Windows), n'kuika, n'kuyatsanso kompyuta, ndipo muonetsetse kuti mwatenga yogwirizana ndi chilankhulo cha Windows yanu. Chiikireni sindinaikhudzenso.

Mafulashi amene ndayesa ndi anayi. Yakale ya 2 GB, ya 8 GB ija ya USB 2.0, ya 32 GB ya USB 3.0, ndi yaikulu ya 128 GB. Onse anayi anatheka kugwira ntchito, koma awiri akuluwo anandikhetsa thukuta.

Ya 128 GB nditaibaya koyamba, Windows inaipatsa chilembo, koma nditadina inandiuza kuti fulashiyo sinafomatidwe, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuifomata pomwepo. Chala chinali chitafika kale pa mausi. M'fulashimo munali zithunzi zimene ndinalibe kwina. Vuto silinali kuwonongeka ayi: mafulashi oposa 32 GB nthawi zambiri amabwera ali pa exFAT, kasanjidwe ka mafayilo kamene kanabwera mu 2006, ndipo Windows 98 sikadziwa, monganso sidziwa NTFS, kasanjidwe ka Windows yamakono. Kwa iyo, chimene sichili FAT, kasanjidwe kakale monga FAT16 ndi FAT32, ndi munda wosalima. Mukaona funso limeneli, yankhani kuti ayi, zulani fulashi, mukaione pa kompyuta yamakono.

Ya 32 GB inachita zosiyana. Kakuwala kake kanayaka, Device Manager inaiona, koma chilembo osatuluka. Ndinataya madzulo awiri ndikuchotsa ndi kubwezeretsa zinthu zimene zinalibe mlandu. Kenako ndinakumbukira kuti fulashi imeneyi ndinaigwiritsapo ntchito poika Windows pa kompyuta yatsopano, ndipo pulogalamu imene ndinaikonzera inaisiya ili pa GPT, njira yatsopano yolembera magawo a disiki. Makompyuta akale amangomva MBR, tebulo lakale la magawo anayi lokhala koyambirira kwa disiki. Pa disiki ya GPT, iwo amaona gawo limodzi lachilendo loteteza, amalilambalala, basi zii.

Mankhwala a matenda onse awiri ndi amodzi, ndipo mumachitira pa kompyuta yamakono. Mutsegule diskpart, chida cha Windows chogawira madisiki polemba malamulo, mulembe list disk, musankhe fulashi ndi select disk, kenako clean, convert mbr, create partition primary, pomaliza format fs=fat32 quick. Pa select disk paja khalani maso kwambiri, chifukwa clean safunsa kawiri. Mukasankha nambala yolakwika mwafufuta disiki ina. Ine ndimazula chilichonse cha USB chimene sichikukhudzidwa ndisanayambe. Dziwaninso kuti Windows yamakono kawirikawiri imakana kufomata FAT32 pa gawo loposa 32 GB. Malire amenewa ndi a chida chofomatira, osati a FAT32, yomwe imatha kufika 2 TB; mapulogalamu ngati Rufus kapena fat32format amadutsa pamenepa mosavuta.

Ndinachitadi zimenezo, ya 128 GB yonse n'kukhala FAT32, ndipo kwa milungu ingapo ndinkadzitama. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti kutheka si kufunika. Bolodi (motherboard) yanga ndi ya Intel 440BX, ndipo maport ake awiri ndi a USB 1.1, othamanga 12 Mbit pa sekondi papepala, m'chenicheni pafupifupi 1 MB pa sekondi. Tsono werengerani nokha: gawo la kukula koteroko, logawidwa m'tizidutswa ta 32 KB, limakhala ndi tizidutswa pafupifupi 4 miliyoni, ndipo kalikonse kamatenga mabayiti 4 m'tebulo la FAT. Tebulo lokhalo limakwana pafupifupi 15 MB. Nthawi iliyonse imene kompyuta yaganiza zowerenga tebulo lonse kuti idziwe malo otsala, mumakhala mukuyang'ana sikirini yosasuntha kwa masekondi ambirimbiri, n'kumaganiza kuti yafa. Za ScanDisk, pulogalamu yofufuza zolakwika pa disiki, musandifunse; ndinaiyambitsa kamodzi, n'kuiletsa ndisanaone mapeto ake. Pomaliza ndinaichepetsa fulashiyo kukhala gawo limodzi la 8 GB, malo otsala n'kuwasiya opanda kanthu, ndipo inayamba kumvera ngati mwana wabwino. Komano fulashi ya 128 GB yogwira ntchito ya 8 GB, pamene ya 8 GB yeniyeni ili pomwepo, phindu lake lili pati? Komanso kodi kompyuta ya hard disk ya 20 GB ikufuna kunyamula chiyani chokwana 128 GB? FAT32 payokha siilola fayilo imodzi kufika 4 GB, ndipo pa makina a nthawi imeneyo sindinakumanepo ndi fayilo yoyandikira pamenepo.

Liwiro ndi limene linandikakamiza kutsegula bokosi m'mwezi wachitatu. Fayilo ya CD yathunthu ya 650 MB inkatenga mphindi zoposa 11 kuti ikopedwe. Kamodzi sizipweteka, koma mukapeza kuti mwakopera yolakwika n'kuyambiranso, mtima umayamba kuwira. Ndinaika khadi ya PCI ya USB 2.0 yokhala ndi chip ya NEC, NUSB yomweyo n'kuizindikira. USB 2.0 papepala ndi 480 Mbit pa sekondi. Pentium III siifika pafupi n'komwe, koma CD yomweyo tsopano siidutsa mphindi ziwiri. Pa zonse zimene ndasintha pa kompyuta imeneyi, khadi iyi ndi imene ndikanaika tsiku loyamba ndikanadziwa. Fulashi ya USB 3.0 ilibe mwayi uliwonse pano: imatsikira pa liwiro la port imene yabayidwapo, tizitsulo take towonjezera tija timangokhala.

Panali nyengo ina, mwezi wachinayi ndi wachisanu, pamene ya 32 GB inayamba kusowa pakati pa kukopera. Powerenga sinkavuta, polemba fayilo yaikulu ndiye kumangomva kompyuta ikudandaula kuti disiki palibe. Ndinkaiganizira kuti ikufa. Chimene chinali kumbuyo kwake ndi kahub (kachipangizo kogawa port imodzi kukhala angapo) kopanda magetsi akeake kamene ndinaika kuti ndisamazungulire kuseri kwa tebulo. Port ya USB 1.1 kapena 2.0 imapereka 500 mA pa 5 V, pamene ya USB 3.0 imapereka 900 mA. Hub yodalira port imodzi imadyako ina, otsalawo n'kugawira onse obayidwapo. Fulashi imakoka magetsi ambiri polemba kuposa powerenga, ndiye inkakomoka pomwepo. Nditachotsa kahub n'kuika kachingwe kafupi kowonjezera, vuto linatha. Kachingweko kali ndi ubwino winanso: port ya zaka zoposa 20 sikuthyokathyoka ndi kubaya kwa tsiku ndi tsiku, ndipo fulashi yonenepa sikutsekanso port yachiwiri, paja maport akale anawapanikiza pamodzi ngati mapasa.

Ku DOS, dongosolo lakale lolembamo malamulo limene magemu akale ambiri amayenderamo, ndinapitako, n'kubwerako. Njira ilipo: USBASPI.SYS ya Panasonic ndi DI1000DD.SYS mu CONFIG.SYS, fayilo imene DOS imawerenga poyaka; woyamba amapeza fulashi, wachiwiri amaipatsa chilembo. Zinatheka ndi ya 2 GB ndi ya 8 GB. Koma fulashi iyenera kukhala yobayidwa kale poyatsa, mukaizula ndiye muyatsenso, ndipo madriver amenewa amadya gawo la 640 KB ya RAM ya DOS imene magemu akale amaifuna yonse. Mayina ataliatali amadulidwa kukhala zilembo 8 ndi 3, ndiye mumapezeka mukulota kuti kodi ndi uti pakati pa wothera ~1 ndi wothera ~2. Ngati muli pa MS-DOS 6.22 pali chinanso: imangowerenga FAT16, gawo losaposa 2 GB, chifukwa FAT32 inayamba ndi DOS 7.1 ya Windows 95 OSR2. Ine ndinaona kuti ndikudzivutitsa. Ndimakopera zonse ndili mu Windows, kenako n'kuyatsanso mu MS-DOS mode. Zoyatsira kompyuta kuchokera pa fulashi nazonso ndinayesa kamodzi, ndipo popeza BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yoyatsa kompyuta) ya nthawi imeneyo sidziwa zimenezo, ndinadzera pa pulogalamu ya Plop Boot Manager pa floppy: inagwira, ndi kiyibodi ya PS/2, koma imangolola kuwerenga, osati kulemba. Yondithandiza pa tsiku la tsoka, osati ya masiku onse.

Kutaya mafayilo ndataya kawiri, ndipo konseko wolakwa ndine.

Koyamba ndinazula fulashi kakuwala kasanasiye kuphethira. NUSB imaika kachizindikiro pafupi ndi wotchi koti muziyamba mwaimitsa fulashi musanazule, ndinkakadziwa, ndinangofulumira. FAT32 ilibe kaundula wobwezeretsera zimene zinatsala panjira ngati NTFS, ndiye foda imodzi inasanduka mayina osawerengeka, zilembo zachilendo zokhazokha. Pa kompyuta yamakono chkdsk, chida chokonzera madisiki, inatola tizidutswa n'kutiika mu FOUND.000, koma zambiri sizinabwererenso m'chimake.

Kachiwiri ndi kamene kamandipwetekabe, chifukwa sindikanakaganizira. Kabatire ka CR2032 ka pa bolodi kanatha, ndipo wotchi ya kompyuta inkabwerera zaka zambiri m'mbuyo nthawi iliyonse ndikazimitsa. Sindinasamale, wotchi ya kompyuta yosewerera ili ndi ntchito yanji? Ndinalemba zolemba zina kumeneko kwa masiku angapo, zinasungidwa ndi deti la m'zaka za m'ma 1990. Nditabaya fulashi pa kompyuta yatsopano, pulogalamu yanga yofananitsa mafoda inayang'ana madeti, inaona kuti kope la pa fulashi ndi "lakale", n'kulembapo kope la mwezi wathawo. Inachita ndendende zimene ndinaiuza. Chichokereni apo kabatire ndinasintha, ndipo fulashi imeneyi siikhudzidwanso ndi pulogalamu yofananitsa. Ndimakopera pamanja, m'foda yatsopano nthawi iliyonse.

Tinthu tina tating'ono timangonyansa. Windows yamakono imasiya foda ya System Volume Information, Mac imasiya timafayilo toyamba ndi kadontho ndi kamzere, ndipo pa kompyuta yakale, ngati mwaiuza kuonetsa zobisika, timaoneka tonse. Mayina okhala ndi zilembo zimene Windows 98 sizidziwa nthawi zina amakana kutseguka, ndiye ndimawasintha kukhala afupi, a zilembo wamba, ndisanakopere. Za mavairasi, Windows 98 inasiya kulandira zokonza mu July 2006, choncho chilichonse chimayamba chafufuzidwa pa kompyuta yatsopano popita, ndiponso pobwera. Ulendo wobwerawu ambiri amauiwala, chonsecho ma CD ndi mafloppy akale amasunga tizirombo tawo ta nthawi imeneyo.

Kodi ndingalimbikitse munthu kugula fulashi yamakono chifukwa cha kompyuta yotere? Ngati ndi yokhayo imene mungapeze, inde, idzagwira: MBR, gawo limodzi, FAT32, laling'ono. Koma ngati m'kabati muli yakale ya 2 GB mpaka 8 GB ya USB 2.0, yambani ndi imeneyo. Mwa anayi aja, awiri aang'onowo sanafune chilichonse kupatula driver, sanatenthe, sanasowe. Ya 2 GB ili pa FAT16 ndipo ndimaisungira DOS. Ya 128 GB ndinaibwezera pa exFAT n'kuibweza ku ntchito ya zithunzi, kumene kukula kwake kuli ndi tanthauzo. Ya 32 GB ikadalipo pafupi, ndimaitenga ndikakhala ndi ma CD angapo osamutsa nthawi imodzi.

Ya 8 GB ija ndinaimatapo kapepala kolembedwa "98", ndipo imakhala pa kachingwe kaja, sipita kwina kulikonse kupatula ulendo wake wa pakati pa makompyuta awiriwa. Mlungu wathawu hard disk inayamba kulira mwachilendo poyatsa, ndiye ndakopera kale zonse kudzera pa fulashi yomweyo, ndipo adapter yoti khadi ya CompactFlash ilowe pa IDE m'malo mwa hard disk ili patebulo, ikudikira Loweruka.