Dikoda yolipira, yaulere, ndi ija amati ya seva

Chichotsereni kadikoda kanga ka seva pa TV yanga, anzanga kuno ku Area 25 sakundipatsa mpata, aliyense akufunsa kuti agule dikoda iti. Ndilembe kamodzi basi, pakamwa patopa.

Za padenga n'zofanana kwa tonse. Dishi ndi mbale chabe yosonkhanitsa siginolo yochokera ku setilaiti yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, n'chifukwa chake madishi mu Lilongwe muno amapenya chakumpoto, ena kupendekera kum'mawa, ena kumadzulo. Kamutu kakutsogolo kaja, LNB, kamatsitsa siginoloyo kuti ithe kuyenda mu kebo, ndipo moto wake kamaulandira kuchokera ku dikoda kudzera mu kebo yomweyo. Chimvula cha mu Januwale chikatsika, chithunzi chimasweka kwa wolipira ndi wosalipira yemwe. Pomwe pali nkhani ndi pa loko. Matchanelo okoma amabwera otseka, ndipo kiyi wake amasinthidwa pakangopita masekondi owerengeka. Ndiye musanafunse mtengo, funsani kuti dikodayo kiyi imamutenga kuti.

Ya DStv kapena ya Azam TV imamulandira kuchokera ku setilaiti komweko, bola mwalipira mweziwo. Mukapanda kulipira, chitseko chatsekedwa, nkhani yathera pomwepo. Dikoda ya kampani ina singatsegule za inzake, ndiponso dishi iyenera kuloza setilaiti ya eni akewo. Azam imapepukirako m'thumba, koma amene mtima wake uli pa ligi ya ku England akudziwa kale kuti kwawo ndi ku SuperSport. Za GOtv ndi Kiliye Kiliye musazisakanize muno, izo n'za eriyo, siginolo yake imachokera pa nsanja zapansi pompano.

Yaulere, ija amati free to air, ilibe kiyi ndipo sinamiza munthu. Imaonetsa zokhazo zomwe eni ake adazisiya potsegula: mapemphero ambirimbiri, nkhani, nyimbo pang'ono. Mukaloza dishi ku setilaiti ya Intelsat 20, pa madigiri 68.5 kum'mawa, alaliki mudzawapeza mpaka kutopa nawo. Pogula yang'anani kuti pabokosi palembedwa DVB-S2 ndi H.265, chifukwa zakale zija matchanelo ena siziwaona n'komwe, ena zimangotulutsa mawu chithunzi kuli bii. Tchanelo ikasowa, nthawi zambiri yangosamuka frequency, mungopanga blind scan, kuti dikoda ifufuze yokha matchanelo onse mwatsopano.

Tsopano ya seva. Apa ndiye ndikhalitsepo, poti mpomwe ndidapsa.

Mu Ogasiti 2023, MultiChoice itaimitsa DStv kuno pa mkangano wa mitengo ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga, ligi inali ikungoyamba kumene. Ndidatsikira mu Malangalanga mtima uli m'mwamba, ndipo mnyamata wina m'kashopu ka zamagetsi adandiwerenga pankhope. "Bwana, iyi mukagula mwagula. Mpira wonse, mafilimu onse, palibe za pamwezi." Adandionetsadi mpira pa TV yake pomwepo. Ndidalipira ndalama yoti ikadandikwanira miyezi ingapo pa dikoda yolipira, n'kumapita kunyumba ndikudzitcha wochenjera.

Chomwe sadandiuze n'chakuti kabokosiko kiyi alibe. Chithunzi kamatengadi pa dishi, koma kiyi kamachita kupempha pa intaneti kwa munthu wina kunja uko, yemwe akugawa kiyi wa khadi limodzi la dikoda yolipira kwa anthu ambirimbiri. Ndiye kuti foni yanga idasanduka yogwirira ntchito TV. Hotspot iyake, bandulo isathe, foni isachoke pabalaza. Data yomwe kiyiyo amadya ndi yochepa, ndivomere, koma netiweki ikangodzandira masekondi awiri, kiyi wafika mochedwa ndipo chithunzi chauma. Ndipo chimauma nthawi yoipa, Loweruka madzulo pomwe aliyense wathamangira pa seva yomweyo. Kangapo ndidamva chigoli kwa aneba kuseri kwa mpanda, kwanga wosewera ataima mwendo uli m'mwamba. Alendo omwe ndidawaitana monyadira adayamba kutuluka m'modzim'modzi, ati akukagula mayunitsi.

Zonsezo ndidapirira. Chidandipweteka ndi tsiku lomwe matchanelo onse otseka adangolemba kuti scrambled. Nditabwerera kushopu, mnyamata uja osachita ndi manyazi omwe: "Aaa, seva yatha bwana, pamafunika kurinyuwa." Seva yotha bwanji, poti mudati ndikagula ndagula? "Bokosilo ndiye mwagula, seva ndi ina." Ndidalipira, chitsiru ine. Sipadapite nthawi, matchanelo a mpira adazimanso, ulendo uno ati akunja asintha loko, tidikire software yatsopano. Risiti ndinalibe, ndipo kukadandaula kwina kunali kovuta, poti ukanena kuti chiyani? Kuti andibera pogula chinthu chobera anzawo? DStv idabwerera mu Disembala chaka chomwecho, ine ndikadali kudikira software.

Wina anena kuti yake ikugwira mpaka lero. Mwina. Ine ndikuti amene akufuna mpira alipire dikoda yolipira, mwezi womwe thumba lakana apite kukaonera ku shoo kapena kwa mnzake. Amene akufuna MBC, Times ndi Zodiak ayambe wafunsa za eriyo asanaboole khoma. Ndalama yomwe mwapulumutsa muike pa kebo yabwino ndi mmisiri amene amayang'ana quality (ubwino wa siginolo) osati strength (mphamvu yake) yokha, ndiponso amamata tepi polumikizira kuti madzi asalowe mu LNB.

Kabokosi kaja sindidakataye. Popanda seva ndi dikoda yaulere yabwinobwino, ndiye ndidakapereka kwa amayi ku Mitundu. Amayatsa pa sola, amaonera mapemphero, ndipo ati ndine mwana woganiza.