Situdiyo ya ku Ginnery Corner imene siyeretsa khungu la munthu

Atelala ndi ogulitsa zitenje mu Blantyre amadandaula chinthu chimodzi: chovala chofiira chimatuluka cha olenji pachithunzi, kasitomala akachiona ndi maso n'kunena kuti si chimene anaoda. Wojambula wa situdiyo ina yaing'ono ku Ginnery Corner vutoli amalidziwa bwino. Asanayambe ntchito amapatsa wovalayo khadi lotuwa kuti aligwire pafupi ndi nkhope, n'kujambula kamodzi. Chithunzi chimenecho ndicho amakonzera mitundu ya zithunzi zonse pakompyuta, ndipo poti amajambula mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona) osati JPEG yofinyidwa, mtundu wa nsalu umabwerera pamalo pake osawonongeka.

Luso lake lenileni lili pa khungu lakuda. Kamera ikasiyidwa pa auto imayesa kuwala kwa chithunzi chonse. Mkwatibwi akavala diresi yoyera, iyo imaona kuyera kwambiri n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kumira mumdima. Ojambula ambiri amathamangira ku Photoshop kukayeretsa khungu mpaka munthu aoneke ngati wadzola phulusa, achibale ake omwe osamuzindikira. Zimenezi n'zosalemekeza mwini nkhope. Wojambula wa ku Ginnery Corner uja amayesa kuwala pa tsaya. ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) amaika pa 100, shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) pa 1/160 ya sekondi, chifukwa makamera ambiri mukapitirira 1/200 ndi flash ya mu situdiyo, mbali ina ya chithunzi imatuluka ndi mzere wakuda. Softbox yake, bokosi la nsalu lofewetsa kuwala kwa getsi, ndi yaikulu, amaiika chapambali, pamwamba pang'ono pa maso, ndiponso pafupi ndi munthu. Chifukwa chake n'chakuti khungu lakuda limanyezimira: kagetsi kakang'ono kapatali kamasiya madontho owala pamphumi ndi pamphuno, pamene chowunikira chachikulu chapafupi chimayala kuwalako mofewa pa tsaya lonse. Pansi pa chibwano pamakhala reflector yobwezera kuwala kunkhope, yoyera osati ya siliva. Kumbuyo kuli getsi lachiwiri loti tsitsi ndi mapewa zisamezedwe ndi nsalu yakuda ya kuseri. Mu Okutobala, thukuta likayamba, amaimitsa kaye n'kupereka tishu ndi paudala, m'malo modalira kukafufuta pakompyuta.

Lenzi yake ndi 85mm. Pa nkhope amatsegula bowo la lenzi kufika f/2 kuti kumbuyo kusungunuke, koma pa zovala amatseka kufika f/8 kuti msoko, mabatani ndi maluwa a chitenje zonse zioneke. Atelala amene amapita kwa ojambula a maukwati okha amaphonya pamenepa: diso la wovala limatuluka lakuthwa, kolala n'kukhala yachimbuuzi. Eni masuti a mizere yothinana amawachenjeza msanga, poti mizere yotere imabala timafunde tabodza pachithunzi.

Kunja amakonda njerwa zofiira za tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi khonde la Mandala House, koma chilolezo mukapemphe nokha pasadakhale. Salola kujambula masana dzuwa lili paliwombo, chifukwa maso amalowa m'mithunzi. Nthawi yake ndi isanakwane 8 koloko m'mawa kapena ikadutsa 4 koloko madzulo. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi amachilandira ndi manja awiri, mitambo imagwira ntchito ya softbox. Wofuna phiri la Ndirande kapena Michiru kumbuyo apewe miyezi ya utsi ndi fumbi mvula isanagwe.

Zofooka zilipo. Posinthira zovala ndi katani chabe pakona, ndipo anthu atatu sangakwanepo. Magetsi akazima ma flash amayendera mabatire, koma ayironi imafera pomwepo, choncho sitirani kunyumba n'kubwera nazo zovala pa mahang'ala. Chimene chimakhumudwitsa kwambiri ndi katumizidwe: zithunzi zokonzedwa bwinozo amaziponya pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, ndipo WhatsApp imazifinya. Muuzeni atumize ngati document, kapena pitani ndi flash disk. Chithunzi chosindikiza pa A4 chimafuna mapikiselo 2480 ndi 3508 kuti chituluke bwino pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi), ndipo chofinyidwacho sichifika pamenepo.

Mgwirizano wake ndi wapakamwa. Musanalipire, lemberanani kuchuluka kwa zithunzi zimene adzakonze, tsiku lozilandira, komanso ngati muli ndi ufulu wozigwiritsa ntchito potsatsa malonda pa Facebook ndi pa zikwangwani. Wovala zovalazo nayenso avomereze polemba.